Chaka Chomwe Tinkasaka Maliro

Yunifolomu yanga inali yabuluu, yosokedwa ndi telala wa pamsika wa Mitundu. Mayi anamuuza kuti aisoke yaikulu kuti ndikuliremo. Sindinakuliremo. Pofika dzinja inkandilendewera ngati thumba la feteleza lokoledwa pachitsa. Sukulu yanga yonse ndi imeneyo. Lero mukandipatsa pepala ndimadinda chala, koma za chaka chimenecho musandiphunzitse, ndinaliko.

Mvula inadula chimanga chitangotulutsa ngayaye. Nkhokwe yathu inatha anthu asanayambe n'kugalauza komwe. Bambo anali atapita ku esiteti ya fodya, osabweranso, choncho panyumba tinalipo mayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, amene anali asanayambe sukulu. Tinadya madeya. Madeya atatha tinakumba zitsa za nthochi, kusinja, kuyanika. Phala lake linali lakuda, lonunkha dothi, ndipo linkakanda pakhosi. Mapazi a mlongo wanga anayamba kutupa. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala pomwepo.

Kalasi yathu inali pansi pa mkuyu. Aphunzitsi anali ndi kawailesi kawo komanga ndi mphira. Tsiku lina anatisiya pakati pa a, e, i, n'kukagunditsa kukhutu nthawi yaitali. Atakazimitsa anati, "Ana inu, si kuno kokha. Dziko lonse lili chonchi." Ine ndinkayesa kuti njala ndi ya m'mudzi mwathu, kuti munthu akayenda mpaka ku Diamphwe kapena m'tauni akapeza anthu akudya. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Ndiye tithawira kuti, aphunzitsi?" Iwo anangoyang'ana kumapiri a Dzalanyama, n'kutiuza kuti tibwereze a, e, i.

Kwathu kukagwa maliro amaika masamba aawisi pamsewu, kuti wanjinga atsike, woyenda avule chipewa. Ndipo maliro akakhala a pafupi ndi sukulu, ana a sukulu ankapita kukaimba. Tinapita koyamba kwa mkulu wina amene anali ndi ng'ombe. Titaimba, amayi a kumphika anatikhazika kuseri kwa khola n'kutipatsa mgaiwa ndi nyemba. Ndimakumbukirabe kutentha kwa nyembazo m'manja. Tonse tinangoweramira mbale.

Kuyambira pamenepo choko chinapuma. M'mawa aphunzitsi ankatifoletsa, tonse m'mayunifolomu, n'kuyamba kuyenda ndi msewu, maso pansi, kufuna masamba. "Imbani mokweza," ankatero, "adziwe kuti mwafika." Alipo amene amanena kuti munthuyo anachita zopanda ulemu, kusandutsa ana a eni akhwangwala. Anene. Lamba wake ndinkamuona ine, mabowo oboola ndi msomali akunkera m'kati, ndipo sankadya mwana womalizira asanalandire.

Mayi anati ndizimutenga mlongo wanga. Analibe yunifolomu, ndiye ndinkamuimika pakati pathu kuti asaoneke. Akatopa ndinkamubereka. Ntchintchi yanga imodzi ndinkaimanga m'mphepete mwa diresi kuti ndiwatengere mayi. Iwo ankaimasula, kuinunkhiza, n'kunena kuti, "Za pamaliro sindidya ine, zimandichititsa nseru." Kenaka ankainyema pang'onopang'ono n'kumaika m'kamwa mwa mwanayo. Ine ndinkakhulupirira. Ndinkawaseka mumtima kuti ndi munthu wosankha zakudya.

Maliro anachuluka, chakudya chake n'kumachepa. Mabokosi anatha, anthu ankapita m'mphasa. Adzukulu ankakumba manda ofika m'chiuno, n'kukhala pansi kupuma. Kwina tinkaimba mpaka mawu kusasa, mwini maliro n'kubwera kudzagwada pamaso pa aphunzitsi, manja ali lende. Ife ana tinaphunzira kuyang'ana utsi tisanalowe m'mudzi. Koma nyimbo tinkaimbabe, chifukwa m'mitu mwathu zinali zitakhazikika kuti ukaimba bwino, mbale imabwera.

Masiku amenewo mayi sankadzukanso m'mawa. Ankangotukula mutu pamphasa n'kunena kuti, "Pitani kusukulu, musachedwe." Amalume, mlongo wawo wa mayi, ankabwera kudzakhala pakhonde.

Tsiku lomalizalo tinayenda kutali, kunjira ya ku Nathenje, ndipo sitinapeze kanthu. Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Mlongo wanga anali kumsana, mutu wake ukugunda paphewa langa. Titafika pomwe kanjira kathu kamapatukira, anadzidzimuka n'kuloza pansi. Panali masamba a mango, aawisi, ongothyoledwa kumene.

"Alongo, taonani," anatero. "Lero tidyera pafupi."

Anatsika yekha, mwana amene tsiku lonse sanaponde pansi, ndipo tinafulumira tonse. Pabwalo pathu panali anthu ochepa. Amayi awiri a pafupi anakhala pakhomo, miyendo atatambasula, osalira. Mphamvu zolirira zinali zitatha m'mudzi monse. Amalume anaimirira atationa, nayamba kubwera, manja atatambasula ngati akutchinga mbuzi.

"Amalume, aphika liti?" anafunsa mlongo wanga.

Mwana ameneyo anachira. Amalume anatitenga, anagulitsa njinga yawo, ndipo lero mlongo wangayo ali ndi imvi ndi zidzukulu zake. Za funso lakelo sindinamuuzepo.

Koma tsikulo ine ndinaona kuti palibe utsi, palibenso woimba, ndipo ndinaganiza kuti vuto ndi limenelo. Ndinakonza yunifolomu yanga, ndinamuimika mlongo wanga pambali panga, n'kuyambitsa nyimbo mokweza monga anatiphunzitsira. Ndikuimba choncho, maso anga anali pachitseko, kudikira kuti mayi atuluke adzaone kuti lero sitinavutike kuyenda.