Pulogalamu Yomaliza ya Achimwene

Ndinadzuka kusanache, ngati kuwodzera pamkeka kungatchedwe kugona. M'siwa amayi a kumpingo anali atasasa mawu, ndipo panja abambo ankawotha moto atafunda mabulangete. Tsangano mu Juni sanyengerera munthu. Bokosi la achimwene linali litafika dzulo lake kuchokera ku Joni, pamodzi ndi chikwama chawo. Alamu anga, akazi awo, anatsala komweko chifukwa cha mapepala. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti awone amuna awo akutsikira m'manda.

Kwathu netiweki ndi yofooka, vidiyo ya pafoni imangodukaduka. N'chifukwa chake achimwene, omwe ntchito yawo inali yomanga mapulogalamu a kompyuta, anatipangira kapulogalamu kopeputsa zithunzi kuti zizidutsa. Tinkakagwiritsa ntchito pa laputopu yakale ya panyumba. Mwezi wathawo anatumiza katsopano, kamene kanafufuta kakale, koma tinali tisanakayese.

Moto wophikira utayaka kuseri kwa nyumba, ndinakatsegula. Kanangophethira n'kuzima, n'kusiya mawu akuti makinawo alandira lamulo limene sakulidziwa. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mumtima simunamveke kanthu. Ndinangodziwa chimene chachitika, poti achimwene ankanditopetsa nayo nkhaniyi tchuthi chilichonse. Ankati pomanga pulogalamu umasankha purosesa yoti igwirizane nayo, ubongo wa kompyutawo. Ukaimangira ya makina ako okha imathamanga zedi, koma ikafika pa makina akale a anzako imafa. Ochita zimenezo ankawaseka kuti ndi atelala oyezera malaya a anthu pathupi pawo.

Ndiye kuti kapulogalamuko kakanayenda pa laputopu imodzi yokha, ya eni ake, imene inali m'chikwama chija.

Nkhungu inachedwa kuchoka. Anthu ankatulukira m'menemo m'magulumagulu, ena pa njinga, ena wapansi kuchokera tsidya la Mozambique, atasenza mbatata ya kachewere ndi nkhuni. Ndinakagwada pafupi ndi amalume, omwe ankayendetsa mwambo, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Katundu wa womwalira sakhudzidwa mwini wake asanagone," anatero. "Mukuzidziwa zimenezi inu."

Amayi athu anali pomwepo, maso ali pabokosi. Sindinalimbane ndi munthu, mphamvu zake ndinalibe.

Dzuwa litapendeka, adzukulu anatumiza mawu kuti kumanda akonzeka. Tinadutsa m'minda yokolola kale, nyimbo patsogolo, mphepo ikutimenya kumaso. Titafika ndinawaimbira alamu foni ya mawu okha, n'kuikweza m'mwamba. Anamvera pafonipo ulaliki wonse. Bokosi linatsitsidwa. Kenako ndinamva akundiitana.

"Alamu, chikumveka icho n'chiyani?"

"Ndi dothi," ndinawayankha.

Sanadule foni mpaka adzukulu anasalaza mtumbira.

Madzulo anthu anabalalika, panyumba panatsala phulusa ndi mabenchi obwereka. Chikwama chinali pakona pomwe anachiika, chosatsegula. Ndinakhala patebulo ndi laputopu yakale ija, ndikuyang'ana mawu omwe aja. Ndinakumbukira kuti sabata imene achimwene anatumiza kapulogalamuka ndi imene anatiuza pafoni kuti akudwala chimfine chabe, tisadandaule, ndipo ife tinavomera. Zaka zonsezi achimwene anali asanaiwalepo kuti makina a kwathu ndi akale. Kuti afike poiwala, anali atadwala kuposa mmene tonse tinkadziwira, koma anadzukabe kuti atimangire kanthu koti tiziwonana nawo.

Amayi anafunsa ali kuchipinda ngati chinthu cha mwana wawo chayamba kugwira. Ndinawauza kuti ayi, n'kutseka laputopuyo.