Dzina la a Naylor

Ndikukumbukira chaka chimene ndinafika ku Oldbury, kudziko la azungu, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anga anali atangomwalira ku Mponela, ndipo amayi, amene anasiyana nawo kalekale n'kudzakhala namwino kuchipatala cha New Cross, ananditenga. Ndinawapeza atakwatiwa ndi mzungu wina wosayankhulayankhula, woyendetsa basi, a Naylor.

Kusukulu anandilembetsa kuti Tadala Naylor, poti amayi ankati mapepala asavute. Sindinakane, sindinavomere. Masiku amenewo chakudya chinkangodutsa pakhosi osamva kukoma, ndipo akaitana dzinalo ndinkayankha mochedwa, ngati aitana munthu wina.

Tsiku lina aphunzitsi anatiuza kuti aliyense akafufuze tanthauzo la dzina la makolo ake. Mwana wa a Baker ndi wa a Cooper anabwera ndi masamba odzaza, nkhani za ophika buledi ndi opanga migolo. Ine ndinapereka pepala losalemba kanthu. Anandisunga m'kalasi anzanga ataweruka, ndipo amene anabwera kudzanditenga anali a Naylor, akadali m'yunifomu.

M'galimoto sanandikalipire. Mvula inkawaza pagalasi. Anandiuza pang'onopang'ono, kuti ndimve Chizungu chawo, kuti dzina la Naylor limatanthauza wosula misomali. Anati kale m'dera lonselo mabanja ankasula misomali kuseri kwa nyumba zawo, amayi ndi ana omwe, manja ali zipsera zokhazokha. Titaima pa maloboti anandifunsa kuti, "Nanga bambo ako ankagwira ntchito yanji?"

Chichokereni kumaliro panalibe amene ananditchulirapo bambo. Ndinati ankakonza njinga pamsika. Anafunsa dzina lawo, ndinati a Kachingwe. Analibwereza kawiri, molakwitsa.

Lolemba lotsatira aphunzitsi anaitana kuti Tadala Kachingwe. Ndinadzamva pambuyo pake kuti a Naylor anakangana ndi amayi pa nkhaniyi, n'kupita okha kuofesi ya sukulu kukasinthitsa dzinalo. Sindinawathokoze. Ndinangokweza dzanja, maso ali padesiki.

A Naylor anandilera mpaka ndinamaliza yunivesite, osandipemphapo kuti ndiziwatchula bambo. Anamwalira chaka chatha. Titachoka kumanda, mlongo wawo anandikokera pambali n'kundiuza kuti a Naylor sankabereka, ndiponso kuti tsiku limene ndinalembetsedwa dzina lawo anawaimbira foni akuseka okha, amvekere tsopano ndili ndi mwana.

Ndinamvetsera nditagwira kapu ya tiyi amene anali atazizira, ndipo misozi sinabwere. Pano ndikudziwa kuti munthu atha kukukonda posiya chinthu chimene ankachilakalaka, iwe osazindikira n'komwe kuti pali chimene wasiya. Zaka zonsezo ndinkangowatchula kuti ankolo, ndipo iwo ankayankha.