Chitini cha a Namakhwa

A Namakhwa ndikawakumbukira, ndimamva fungo la palafini amene ankapukutira lipenga lawo pakhonde, utsi wa zitumbuwa za akazi awo ukudumpha mpanda kubwera kwathu. Anali aneba athu ku Domasi, ndipo paunyamata wawo ankaimba jazi ku Joni. Mnzawo wa m'bandimo, amene anadzatchuka mpaka pa wailesi, ankawalembera makalata m'Chizulu kufikira imfa yake. Makalatawo ankakhala m'chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi.

Ndili Fomu 2, mphunzitsi wina wachizungu wosonkhanitsa zinthu za oimba anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka kudzaona makalatawo, mwina n'kuwagula. Ine manja anandiyabwa. Lachisanu, onse ali kumunda wa mpunga, ndinalowa m'nyumba mwawo kudzera pawindo, n'kuchotsa makalata onse m'chitinimo, n'kuikamo mapepala anga a mayeso a masamu amene ndinkawabisira bambo. Ndinkangofuna kuona nkhope ya mzungu akuwerenga maziro anga.

Sindinkadziwa kuti akazi awo, aNachisale, amene sukulu sanapiteko, zaka zonsezi ankakhulupirira kuti wolembayo ndi mkazi wa ku Joni. Atamva kuti manyazi awo akaonetsedwa kwa mlendo, Loweruka m'mawa anakhuthulira chitini chonse pamoto wa zitumbuwa.

Ndinawapeza a Namakhwa atakhala padothi, chitini chopanda kanthu pamiyendo, osatukwana, osalira, akungosisita chivindikiro. Chiseko chinandithera pomwepo. Ndinathamangira kunkhokwe yathu, kumene ndinabisa makalata aja, n'kubwera ndi mtolo wonse, fumbi lokhalokha.

Anaona kalata imodziimodzi, kenako anandiyang'ana.

"Iwe mwana wa a Mulipa, ndiwe mbava."

"Eya, agogo."

"Nanga agogo akowa awotcha chiyani?"

"Masamu, agogo."

Anaseka mpaka kutsamwa. Mzungu atafika anamulandira ndi tiyi, n'kumuuza kuti panalibe chogulitsa. Mlendoyo atachoka, a Namakhwa anayala mkeka n'kuwamasulira aNachisale makalata onse: nyimbo, apolisi, mnzawo kudandaula mano. Mayiwo anangofunsa kuti mwamuna mnzako angakulembere bwanji zambiri chonchi ngati alibe munda.

Makalatawo ali ndi ine lero, chifukwa a Namakhwa anati asungidwe ndi munthu wodziwa kubisa. Adzukulu anga akandifunsa ngati ndinapepesa, ndimawauza kuti ine ndikudikirabe zikomo.