Bambo a Zidutswa za Konkire

Bambo oyandikana nafe nyumba ku Beech Grove ndi wasayansi, ndipo m'galimoto mwawo simusowa zidutswa za njerwa ndi konkire. Ku labu amazisungunula ndi asidi n'kupatulamo stronshiyamu, poizoni wotulutsa cheza choopsa, pokonzekera tsiku limene bomba lomwaza poizoniyu lingagumule mzinda. Akayamba kufotokoza zimenezi sasiya. "Ameneyu amabisala mu simenti," amatero, "ndipo akalowa m'thupi amakakhazikika m'mafupa."

Mlongo wathu wa kutchalitchi, Chrissie, atagula nyumba yakale, tinapita kukaipempherera pamodzi ndi bambowa. Chrissie anali woyembekezera. Bambowa anagogoda khoma n'kuyamba nkhani yawo ija, mpaka kufika pa mafupa a makanda. Chrissie anagwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, ndiye mwana wangayu ndikamulerere kuti?"

Bambowa anavula magalasi, maso ali pansi.

"Pepani, mayi. Khoma lanu lilibe vuto. Poizoniyo timachita kuthira tokha ku labu poyesa njira zathu. Ndalankhula ngati munthu wosabereka."

Anachoka chakudya chisanabwere. Masiku ano wina akawafunsa za ntchito yawo, amangoti, "Ndimatsuka miyala," n'kusintha nkhani.