Chikwanje cha Mnyamata wa Gauni

Ndili m'kafiteriya ya pakoleji pathu, koma matebulo onse ali m'munda wa chimanga. Thoko, mtsikana amene anadzadandaula kuofesi yanga ya uphungu kuti chibwenzi chake chakale chikumuopseza, wandigwira mkono.

"Madamu, uyo akubwera apoyo."

Mnyamatayo wavala gauni ya omaliza maphunziro, chikwanje wachifukata ngati khanda. Ndikuitana anzanga a m'komiti ya chitetezo. Akhala mumtengo wa mango, akumwa tiyi.

"Sanachite kanthu, mayi," akutero wapampando. "Tidikire kaye."

Ndikuima pakati pa ana awiriwo. "Mwanawe, bweretsa ndikunyamulire."

Akundipatsadi, uku akulira. Chikwanjecho n'cholemera ngati thumba la simenti, ndipo paliponse pamene ndikufuna kuchitula pakhala wophunzira.

Ndadzuka mapewa akuphwanya, ngati sindinagone n'komwe.