Mbatata za Kuseri kwa Mwala

Ogula tomato pa Phalula amamudziwa Maness. Ndi mayi uja amakhala pachidebe, miyendo atatambasula, osathamangira basi ngati anzake. Mawondo ake anathera paphiri la Mulanje, ndipo nkhani yake saikonda.

Anakwatiwa ndi Elliam, wokonza njinga, amene anadzamanga kwawo kwa mkaziyo monga mkamwini. Zaka zinapita kumsana kwa Maness kulibe mwana. Anzake ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, iye n'kukhalabe Maness ngati mtsikana wa sukulu. Omutonthoza ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma onena zimenezo anali ndi awo m'manja. Zitsamba zowawa anamwa ndi iye, kuchipatala anapita ndi iye. Elliam ankati mwamuna sayezedwa.

Kenako mneneri wina wa ku Balaka anawauza kuti akwere phiri la Mulanje onse awiri, akusala kudya, mpaka akapemphere pamwamba penipeni. Mmodzi akangolawa kanthu, pemphero lonse lalowa m'madzi. Maness anagwira mawuwo ndi manja awiri, pakuti kwina konse anali atayesa.

Anatsika minibasi ku Likhubula n'kuyamba chikweza. Maness, mwana wa kuchigwa wokulira m'dzuwa la Balaka, akanadziwa bwanji kuti kumwamba kumazizira chotero? Anavala nsapato zapulasitiki ndi zitenje ziwiri basi. Mtolo wa bulangete, madzi ndi mbatata zophika zodzamasulira kusala unali pamutu pake, pamene Elliam ananyamula Baibulo ndi ndodo, akutsogola ngati Mose. Njira inasanduka thanthwe loterera. Mitengo inatha, kunatsala udzu ndi mphepo yobaya m'makutu. Mpweya unkachita kuperewera, moti akayenda pang'ono ankaima atagwira pamtima. Anagona m'phanga, kutacha n'kupitiriza. Maness anaterereka n'kumenyetsa bondo pamwala, koma anadzuka osadandaula. Njala ikamupotokola m'mimba, ankadziuza kuti mwana akudzikonzera malo.

Atatsala pang'ono kufika, Elliam anati atule mtolo, iye akadzithandize kuseri kwa mwala. Maness anagwa chagada n'kutsinzina. Atatsegula maso, nkhungu inali itatseka ponseponse, mwamuna wake osaoneka. Mantha anamugwira, namutsatira chokwawa. Anamupeza atakhala bwinobwino, masaya atatupa, makoko a mbatata ali mbwee pakati pa miyendo.

"A Elliam, mukudya?"

"Usakuwe, iwe!" anatero Elliam akumeza. "Ndazipeza pamwalapa. Sudziwa kuti kuno mizimu imasiyira anthu chakudya? Ukachipeza umadya wekha, suitana mnzako. Ukaitana umasowa."

Zimenezo anthu amanenadi za phirilo. Koma mizimu ya ku Mulanje siikulunga mbatata m'kansalu ka Maness.

"Iyayi, bambo, musandipusitse ngati mwana. Nanga pemphero lathu?"

"Lathu liti? Vuto lili mwa iwe. Ine ndangokuperekeza."

Maness sanalire. Anayang'ana kumtunda, pamene nsonga ya phiri inkaonekera pang'ono m'nkhungu, pafupi ndithu moti munthu akanatha kuponyapo mwala. Koma akapitirenji? Mneneri anati onse awiri. Anatembenuka n'kuyamba kutsika, ndipo kutsikako ndi kumene kunamaliza mawondo ake. Elliam ankabwera m'mbuyo akung'ung'udza kuti akazi alibe chipiriro.

Atafika ku Phalula, Maness anaitanitsa ankhoswe. Popeza nyumba inali pamudzi pake, wotuluka anali Elliam, masipanala ake atamangirira pakaliyala. Anakakwatira ku Nselema, ndipo chaka chisanathe kunamveka kuti kwabadwa mwana. Pamudzi anthu anagwedeza mitu n'kumati, "Mwaonatu, mwamunayo ankanena zoona."

Mwina ankanenadi zoona. Maness satsutsa, ndipo ana a Elliam alibe nawo mangawa. Chimene chimamudya mumtima n'chakuti anakwera phiri lonse lija ndi njala, magazi akuchucha pabondo, atanyamula pempho limodzi lokha la moyo wake wonse. Mpaka lero sadziwa chimene Mulungu akanayankha, chifukwa Mulunguyo sanafunsidwe n'komwe.