Mango a Masamba Ofiira

Ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina kuno ku Chama, ndipo ndikapeza mpata ndimajambula zithunzi ndi pensulo yakuda basi. Anthu amati ndi luso. Zoona zake n'zakuti maso anga sasiyanitsa zofiira ndi zobiriwira, ndipo sindinauzepo munthu.

Tsiku lina Madamu Goma, mphunzitsi wa sayansi, anatiuza mu ofesi kuti mtundu wa tsamba suli m'tsambamo, uli m'kuwala ndi m'diso. Ine, posafuna kugonja, ndinati wojambula amaona mtundu ndi mtima. M'mawa mwake anandibweretsera mapensulo amitundumitundu.

"Manje tijambulireni mtengo wa mango uwo, tione mtimawo," anatero.

Ndinakhala pansi, n'kusankha pensulo yomwe ndinkaiyesa yobiriwira, n'kupaka tsamba lililonse mosamala. Nditapereka, aphunzitsi anzanga anaunjikana kuti aone.

"A Zimba, masamba ofiira?" anafunsa ahedi.

"Ndachita dala," ndinatero. "Ndajambula kutentha kwa Okutobala, osati mtengo."

Anaomba m'manja. Chithunzicho anachipachika mu ofesi, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana nsapato zanga.

Poweruka, Madamu Goma anandipeza ndikumasula njinga. Analankhula motsitsa mawu.

"Mlongo wanga nayenso amapaka masamba choncho. Kuchipatala anamuuza kuti ndi maso chabe, si vuto lalikulu."

Anaima phee, kundidikira. Panalibe wina wotimva, ndipo apa mpamene ndikanaulula. Koma ine ndinapukusa mutu mwachisoni.

"Iii, pepani Madamu," ndinatero, ndikukwera njinga. "Mukamuuze alimbe mtima."